Magazi a M'beseni Ankapita Kuti?

Ine ntchito yanga ndi yotenga anthu magazi. Musathawe, ndimangotenga kabotolo kamodzi, komanso ndimayamba ndapempha. Ndagwira ntchitoyi zaka makumi awiri ndi zitatu m'kachipinda komweko ka pachipatala, ka zenera limodzi, mpando wa wodwala wokhala ndi potsamiritsa mkono, ndi sinki yodontha imene aliyense analephera kuikonza. Ana a kuwodi ndiwo anandipatsa dzina loti Amayi Udzudzu, ndipo linakakamira moti ngakhale abambo akunyumba akafuna kundiputa amati, "Udzudzu, tatiikireni madzi." Sindidandaula ayi. Mtsempha umene wakanika madokotala atatu amautumiza kwa ine, ndipo ine ndimaupeza ndi chala chimodzi ndikucheza.

Ndiye kunabwera kalata. Akuti aliyense wogwira magazi akhale ndi satifiketi ya sekondale, ndipo amene sadzakhala nayo pakatha zaka ziwiri adzaone msana wa njira. Ine sukulu ndinaisiyira panjira chifukwa cha mimba ya mwana wanga woyamba, ntchitoyi ndinaiphunzira ndi maso ndi manja. Anzanga a Thonje, amene timagwira nawo limodzi ndipo dzinalo analitengera kufewa kwa mtima, nawonso analibe pepala. Tinakalembetsa sukulu ya Loweruka, azimayi awiri a imvi pakati pa ana. Chaka choyamba tinakhoza maphunziro onse kupatula limodzi, la mabuku a nkhani. Chaka chachiwiri chinali chomaliza. Kulephera phunziro limenelo kunali kutsanzikana ndi kachipinda kanga.

Aphunzitsi athu tinkawatcha a Manotsi. Anali bambo waukhondo, wa nsapato zonyezimira, ndipo anali ndi kope limodzi lachikasu limene ankakoperamo pabolodi chaka ndi chaka. Sankakonda mafunso. Mayeso ake anali pawiri: kulemba nkhani yofotokoza buku, imene ankachonga iwowo, kenako kukafunsidwa pamaso ndi woyesa wochokera ku likulu la mayeso.

Buku lake linali lakalekale, loopseza anthu. Mtsikana wamasiye akukwatiwa ndi mkulu wina wolemera, wodwaladwala, woyenda chomunyamula pampando. Akumutengera ku chinyumba cha pamwamba pa phiri, cha zipinda makumi anayi, mazenera otseka, makandulo ali psuu ngakhale masana. Mtsikanayo akuyamba kumva mapazi a munthu akumutsatira pamasitepe. Akuonda, akukomoka, akulankhula zosamveka. Antchito akuti ndi mzukwa wa mkazi woyamba. Pomaliza akumutsekera m'chipinda cha pamwamba, ndipo akufera momwemo.

"Lembani," anatero a Manotsi, choko chili m'manja. "Mzukwa kulibe. Mapaziwo ndi chizindikiro cha misala. Nyumbayo ikuimira mutu wa mtsikanayo, zipinda zotseka ndi maganizo ake. Mukalemba zimenezi mwakhoza."

Tinalemba. Koma ine ndili ndi vuto, chinthu ndimafuna ndichione ndekha. Bukulo ndinkaliwerenga kuntchito pa nthawi ya tiyi, masamba asanu lero, asanu mawa. Nditafika mutu wachinayi ndinaika kapu pansi.

"A Thonje, tamverani izi," ndinatero. "Akuti manja ake ngozizira ngakhale ali pamoto. Akuti akakwera masitepe khumi akuima ndi befu. Apa akuti wantchito wamupeza akukanda laimu wa pakhoma n'kumadya. Mukanakhala inu, munthu wotere atakhala pampando apa, mukanati wadwala chiyani?"

"Ameneyo alibe magazi," anayankha a Thonje osaganiza n'komwe. Kenako anadzigwira pakamwa. "Koma aphunzitsi anati ndi misala."

"Aphunzitsi anayamba atsegulapo chikope cha munthu kuti aone ngati ali ndi magazi?"

Ndinatenga khadi la wodwala losalemba m'dirowa. Pa dzina ndinalemba kuti Mkazi wa M'buku. A Thonje anaseka mpaka kutsamwa tiyi. "Abale inu, Udzudzu wapenga, akutsegulira fayilo munthu wa papepala!" Ndinawasiya aseke. Ndinayambiranso bukulo pachiyambi, ndipo chizindikiro chilichonse ndinkachilemba pakhadipo pamodzi ndi nambala ya tsamba, monga timachitira ndi odwala enieni. Milomo yotuwa, tsamba lakuti. Chizungulire, tsamba lakuti. Zikhadabo zothetheka, tsamba lakuti.

Funso linali loti magaziwo akutha bwanji. Yankho linali poyera, kungoti a Manotsi analidumpha. Lachinayi lililonse kunyumbako kunkabwera dokotala wa banjalo ndi kampeni kakuthwa ndi beseni. Kale ankakhulupirira kuti munthu wovutika maganizo amachira akamuchotsa magazi, ndiye ankamucheka mtsikanayo pamkono n'kukhetsera m'besenimo. Ndinawerenga maulendo ake, anakwana khumi ndi atatu. Munthu wamng'ono thupi ngati ameneyo, beseni sabata iliyonse! Ndinakwiya ngati ndi mwana wanga.

Koma chimene chinandiimitsa tsitsi ndi china. Pantchito yathu magazi sasowa. Kabotolo kalikonse timakalemba dzina, timadziwa amene wakanyamula, kumene kapita ndi kumene katayidwa. Ndiye ine pa beseni lililonse la m'bukumo mutu wanga unkafunsa wokha kuti, lapita kuti? Wolemba bukuli ndi munthu wokonda kufotokoza ntchito za m'nyumba. Mtsikana wantchito timamuona akuchapa nsalu, akupukuta masipuni, akutaya phulusa, ngakhale chibekete cha kuchipinda akukatsuka ife tikuona. Koma beseni la adokotala salikhudza ngakhale kamodzi. Amene amalinyamula ndi mwini nyumba, bambo wolemera amene sanyamula ngakhale chipewa chake. Amalivundikira ndi kansalu, kulowa nalo m'chipinda chake chowerengera, n'kukhoma chitseko.

Ndinatembenuza khadi lija n'kutsegulira bamboyo fayilo yake kuseri. Mutu woyamba, akumunyamula pampando. Mutu wachitatu, akuyenda ndi ndodo ziwiri. Mutu wachisanu ndi chimodzi, ndodo imodzi, masaya ayamba kufiira. Tsiku la maliro a mkazi wake akubwera kumanda atakwera hatchi yekha. Mbali imodzi ya khadi munthu akutsika, mbali inayo munthu akukwera, ndipo masiku ake akugwirizana ndendende.

Nkhani yanga ndinalemba masamba asanu ndi limodzi. Ndinati bukuli si la mzukwa kapena misala, ndi la munthu woyamwa magazi, kungoti uyu ndi wochenjera, alibe mano aatali ndipo sagona m'bokosi. Ali ndi dokotala, ali ndi kiyi, ndipo ali ndi nyumba yodzaza anthu okonzeka kunena kuti mkaziyo wapenga.

Loweruka lotsatira a Manotsi anandibwezera pepala lofiira ngati ndalipukutira bala. Anandipatsa malikisi anayi pa makumi awiri. Sanathere pomwepo, anaima kutsogolo n'kuwerengera kalasi yonse ndime yanga yoyamba, mawu atawapotoza.

"Mayi, muno si m'labu," anatero, ana akugubuduka ndi phwete. "Mwaona magazi zaka zambiri, ndiye paliponse mukungoona magazi. M'buku monsemu mulibe liwu loti kuyamwa. Ndikukupatsani sabata imodzi. Kalembeni zimene ndinakupatsani."

"Nanga beseni, aphunzitsi?"

"Beseni ndi beseni. Khalani pansi."

Ndinakhala pansi. Kunyumba abambo anandimvetsera bwinobwino, kenako anati, "Mayi, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Inu mukufuna satifiketi kapena mukufuna kuwina mlandu wa munthu amene sanakhaleko? Lembani za misalazo, mukatenga pepala mudzikatsutsa muli pantchito." A Thonje nawo anandigwira dzanja. "Mnzanga, tatsala ndi mwayi umodzi. Musataye ntchito chifukwa cha beseni."

Sankanama. Lamlungu masana ndinakhala patebulo ndi manotsi aja, ndinalemba mutu, ndinalemba mzere woyamba. Nditafika pa mawu oti mtsikanayu anali wamisala, dzanja linakana. Ndikuuzeni chifukwa chake. Achemwali anga, amene anandilera, anamwalira ali ndi zaka makumi atatu. Kubanja kumene anakwatiwa ankawanena kuti ndi aulesi, kenako anati mutu sukuyenda bwino, chifukwa ankangogona ndi kudya dothi. Anali akutaya magazi miyezi yambiri atapita padera, ndipo panalibe amene anawafunsa. Ine ndinali mwana, sindinkadziwa kanthu. Lero ndikudziwa. Zimandiwawa mpaka pano, ndipo sindikanatha kulemba ndi dzanja langa bodza lomwelo pa munthu wina, ngakhale wa papepala.

Ndinakopera nkhani yanga yoyamba ija mwaukhondo n'kukaiperekanso. A Manotsi anaiyang'ana, anandiyang'ana, n'kupukusa mutu. "Mwadzikumbira nokha," anatero. Malikisi anasiya omwe aja. Zimenezi zinatanthauza kuti kwa woyesa uja ndinkayenera kukhoza pafupifupi zonse, apo ayi basi.

Tsiku la mayeso a pamaso linali Lachiwiri m'mawa. Tinakhala pabenchi pakhonde, aliyense akunong'ona manotsi ngati pemphero. A Thonje analowa ine ndisanalowe, anatuluka maso ali pansi. Kenako ndinamva nambala yanga.

Woyesayo anali mayi wachikulire, wamfupi, wa magalasi okhuthala ngati pansi pa botolo. Patebulo anali ndi buku lake lakutha m'mbali, fulasiki, ndi nkhani yanga ija. A Manotsi anakhala pakona, miyendo atapiringiza, nkhope ikunena kuti tiyeni tione.

"Ndinu mwalemba za woyamwa magazi?" anafunsa mayiwo.

"Ndine, mayi."

"Bukuli ndaliphunzitsa zaka makumi atatu. Mulibe mano, mulibe bala la pakhosi. Munthu akhoza kubweretsa chilichonse m'buku ngati wachitenga kunyumba kwake. Ndionetseni kuti ichi mwachipeza m'katimu."

Pakamwa panga sipanandikhumudwitsepo chibadwire. Ndinatulutsa khadi lija m'chikwama n'kuliika patebulo.

"N'chiyani ichi?"

"Fayilo ya wodwala, mayi. Ndi mmene ndimawerengera munthu."

A Manotsi anatsokomola moseka. Mayiwo sanawayang'ane. Anayandikitsa khadilo kumaso n'kuyamba kutsegula masamba amene ndinalemba, limodzilimodzi. Ine ndinkangomva sekondi ya wotchi ya pakhoma.

"Chabwino, magazi akuchepa," anatero. "Nanga mapazi amene akuwamva? Amenewo si misala?"

"Mayi, taonani nthawi imene amawamva. Sawamva atakhala pansi. Amawamva pamasitepe, ndipo akathamanga nawonso amathamanga, akaima amachedwa pang'onopang'ono. Munthu magazi akachepa kwambiri, mtima umagunda mwamphamvu mpaka amaumva m'makutu, du, du, du. Odwala anga amandiuza kuti m'mutu mukuyenda munthu. Mtsikanayu sakunama ndipo sanapenge. Akumva mtima wake ukupempha thandizo, anthu n'kumuuza kuti ndi mzukwa."

Mayiwo anavula magalasi, anawapukuta, n'kuwavalanso. Kenako ndinawafotokozera za beseni, za wantchito amene amatsuka chilichonse kupatula limenelo, ndi za bambo amene amalinyamula yekha. Ndinatembenuza khadi kuti aone ndodo zikuchepa.

"Mwina wolemba anangoiwala kutiuza kuti linatsukidwa," anatero a Manotsi ali pakona paja. Sankayenera kulankhula, koma zinawakanika.

"Aphunzitsi, kuiwala ndi kamodzi," ndinayankha. "Munthu wowerenga masipuni angaiwale beseni la magazi kakhumi ndi katatu?"

"Ndiye mukuti amamwa?" anafunsa mayi aja. "Mwamuona akumwa?"

"Sindinamuone, mayi, wolemba anatitsekera chitseko dala. Kaya amamwa, kaya amasamba, kaya amangoliyang'ana, ine sindikudziwa ndipo sindinama. Chimene ndikudziwa n'choti m'nyumba imodzi wina akuuma, wina akuphuka, ndipo chochokera mwa uyu chikulowa m'chipinda cha uyo. Kuopsa kwa bukuli si mdima ayi. Kuopsa kwake n'koti zonse zikuchitika masana, Lachinayi, dokotala ali pomwepo, ndipo aliyense akuti akumuthandiza. Akangoti munthu ndi wamisala, palibenso amene amamufunsa kuti chikukupweteka n'chiyani."

Nthawi yanga inali itatha kale, ndinaona pawotchi. Koma mayiwo anali atatsegula kumapeto kwa buku, chala chikuyenda pamizere, milomo ikugwedera. Mwadzidzidzi anamenya tebulo mpaka fulasiki inadumpha.

"Mayo ine! Tsamba lomaliza munalilemba pakhadi panu?"

"Ayi, mayi. Wodwala wanga anali atamwalira kale, ndinatseka fayilo."

"Mwatseka msanga. Tamverani." Anawerenga mokweza. Patatha mwezi chichitikire maliro, wantchito uja akukwera masitepe ndi makandulo, akuima pakati, akugwira khoma, akudabwa kuti lero masitepe atalika bwanji. Pansi belu la pakhomo likulira. Mayiwo anakweza maso. "Wolemba akuti linali tsiku lanji, aphunzitsi?"

A Manotsi anali atatsegula kale buku lawo. Anayankha ndi mawu aang'ono ngati a mwana wa sukulu. "Lachinayi."

Dokotala uja anali atabweranso ndi beseni lake, tsopano kudzacheka wantchitoyo. Tsamba limenelo ndinaliwerenga kawiri konse osaona kanthu. Mayi aja anaseka, kuseka kwenikweni kwa munthu amene watola chinthu chimene anachitaya kalekale. "Zaka makumi atatu ndakhala ndikuuza ana kuti tsamba ili likusonyeza kuti moyo ukupitirira," anatero. "Ukupitiriradi, wa bamboyo! Mayi, nkhani yanu ija ndiichonganso ndekha, lamulo limandilola. Pitani, mwandichedwetsa, pakhonde pali anthu."

Ndikutuluka, a Manotsi ananditsatira mpaka pakhomo. Ndinakonzeka kumva zonyoza. Iwo anangoti, "Mayi, khadi lija mungandibwereke ndikalijambulitse?" Ndinawauza kuti ndiganiza kaye. Ndinawabwereka patatha masiku atatu, kuti nawonso alaweko kudikira.

Zotsatira zinatuluka patatha milungu isanu ndi umodzi. Anazimata pabolodi la pakhonde la sukulu, ndipo tinapita ndi a Thonje pa nthawi yopuma masana, tili m'mayunifomu. Ine maso anachita chidima, manambala ankangovina. A Thonje ndiwo anayendetsa chala. Anapeza nambala yanga pamwamba penipeni, yoyamba m'kalasi yonse, pamwamba pa ana onse aja ankaseka. Anakuwa mpaka mlonda anabwera akuthamanga. Anandikumbatira, kundinyamula, mayi wonenepa ngati ine, n'kundizungulitsa.

Atanditsitsa m'pamene ndinafunsa. "Nanga yanu?"

"Yanga palibe," anatero akupukuta misozi, koma akumwetulirabe. "Anandifunsa kuti inuyo mukuganiza bwanji, ine m'mutu munali manotsi okhaokha. Musalire, mukundinyasa. Ndangomva kumene kuti alola obwereza kulemba mwezi wamawa, nthawi ikadalipo. Mawa pa tiyi mubwere ndi khadi lina, muyambe nane tsamba loyamba."

Tinabwerera kuchipatala wapansi, tikuyenda pakati pa msewu ngati ndi wathu. Sindinapite kukachipinda kanga, ndinalunjika ku ofesi ya abwana oona za antchito. Ndinawapeza akudya masana patebulo, ndipo pambali pawo panali maenvelopu awiri okonzeratu a makalata otichotsa ntchito. Pa imodzi ndinaona dzina langa.

"Mwabwera bwino, mayi," anatero akupukuta m'manja. "Ndimati ndikuitaneni. Mukudziwa kuti si kufuna kwanga, koma nthawi ija yatsala pang'ono, ndiye tinati tikonzeretu."

Ndinaika pepala la zotsatira limene anandipatsa kusukulu pamwamba pa envelopuyo. Anawerenga, anabwereza, kenako anandiyang'ana ngati akundiona koyamba.

"Woyamba?"

"Woyamba, bwana. Yangayo ing'ambeni ndikuona. Ya a Thonje ibwezeni m'dirowa, musaimate n'komwe, mudzangoononga guluu."

Anaing'amba pakati, kenako anaing'ambanso. Ndinatuluka osatseka chitseko. Pabenchi la kukachipinda kanga panali anthu khumi ndi awiri akudikira, ena ayamba kale kung'ung'udza kuti mayi aja apita kuti. Ndinasamba m'manja, ndinavala magolovesi, ndipo misozi inali ikutsikabe pamene ndinasuzumira pakhomo.

"Pepani podikira," ndinatero. "Ndilipo, ndipo sindikupita kulikonse. Woyamba alowe, apinde malaya."